Kodi kupitidwa mphepo n'kwa olemera okha?

Msuweni wanga ali ku Joni, ndipo monga achitira anzake onse amene adaoloka malire, sachedwa kutumiza zithunzi pafoni. Amagwira ntchito yosamala maluwa pakhomo pa anthu ena ku Muizenberg, kamzinda ka m'mbali mwa nyanja ya mchere kunja kwa Cape Town. Mwezi wathawu adanditumizira chithunzi ataima pamchenga, buluku atapinda mpaka m'mawondo, kumbuyo kwake kukuoneka tinyumba tamatabwa topaka utoto wamitundumitundu. Pansi pake adalemba kuti: "Asuweni, kuno Lamulungu timapuma ngati mabwana."

Ndidamufunsa kuti pachipata amalipira zingati. Adandiseka. "Chipata chake chiti? Nyanja ndi yaulere, asuweni. Pali kanjira koyenda pansi kotsata gombe mpaka ku St James, nakonso n'kaulere. Ukatopa umangokhala pansi n'kumaonera mafunde."

Ndisaname, kansanje kadandigwira. Koma kansanjeko katatha padatsala funso lomwe likundivutabe mpaka lero. Munthuyu ndi mlendo m'dziko la eni, amagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya bwana wake, ndipo amayenda mocheuka poopa eni dziko akakwiya. Komabe Lamulungu likakwana ali nako kokapitidwa mphepo. Ine ndili kwathu, m'dziko lomwe timanyadira kuti lili ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500, mumzinda wozunguliridwa ndi mapiri mbali zonse. Nanga Lamulungu masana ndimapita kuti?

Ndimakhala ku Makata, kumunsi kwa phiri la Ndirande. Amene mumalidziwa dera lino mukudziwa kuti mbali ina kuli mafakitale, mbali inayi kuli nyumba zothithikana moti mnansi akatsokomola umakhala ngati watsokomolera m'chipinda mwako. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka anthu amatsetsereka mbandakucha ngati linthumbu kupita kuntchito, madzulo n'kukwera mtunda womwewo kubwerera. Lamulungu m'mawa ndi kutchalitchi. Masana ake, wokonda mowa ali ndi kopita, wokonda mpira akakhala ndi yapageti ali ndi kopita. Koma munthu amene sakufuna kugula kanthu kapena kumwa kanthu, amene akungofuna mthunzi ndi bata, mzinda uno sudziwa pomuika.

Izi ndidaziona ndekha Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndidayenda wapansi kuchoka kwathu, kudutsa pa Ginnery Corner, mpaka ndidafika kumayadi kwina kumene mitengo ya jakaranda idakalipo. Ndidakhala pakapinga kunja kwa mpanda wina, m'mbali mwa msewu, ndi kakope kanga kolembamo ndakatulo. Sipadathe mphindi khumi, mlonda adatulukira pageti.

"Mukudikira ndani, bambo?"

"Palibe, achimwene. Ndangokhala."

"Mwangokhala? Kapena mwadwala?"

"Ayi, ndili bwino. Ndikungopitidwa mphepo."

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zafumbi. "Pepanitu bambo, pano si pokhala. Abwana akakuonani afunsa ine. Ngati mulibe chochita pitani kwanu."

Sindidamukwiyire. Mwina tonse tidachokera dera limodzi m'mawa umenewo, mwinanso timagula makala pamalo amodzi. Chomwe chidandilasa ndi mawu oti "ngati mulibe chochita". M'mutu mwake, ndi m'mitu mwa ambirife, wosauka amene wakhala phee pamalo abwino ayenera kuti ndi wodwala, wozungulira mutu, kapena wakuba amene akuunguza polowera. Ndikadafika pagalimoto, nditavala kabudula ndi nsapato zothamangira, akadangoti abwana akulimbitsa thupi. Ndipo ine ndi mwamuna. Akadakhala mayi kapena mtsikana atakhala yekha pamenepo, dzina lomwe anthu odutsa akadamupatsa sindingalilembe patsamba lino.

Maganizo amenewa sitidabadwe nawo. Adachita kutiphunzitsa, mpaka kuwalemba m'lamulo. Mawu oti "vakabu" tonse timawadziwa. Adachokera ku lamulo lomwe atsamunda adatisiyira m'buku la milandu, pa ndime 184, lomwe linkalola wapolisi kugwira munthu wopezeka pamsewu ngati iye wapolisiyo waganiza kuti munthuyo ali ndi zolinga zoipa. Sipankafunika kuti ube; kukayikiridwa kokha kudali mlandu. Tidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, tidasankha matipate mu 1993, koma vakabu adangokhalabe, kufikira mu Januwale 2017 pamene khoti lalikulu muno mu Blantyre lidagamula kuti gawo lomwe apolisi ankaligwiritsa ntchito kwambiri likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Amene adakamang'ala kukhotiko sadali phungu kapena pulofesa. Adali venda wogulitsa majumbo, amene adagwidwa mbandakucha mu 2015 akupita kumsika wa Limbe. Papepala lamulolo lidafafanizidwa, koma m'mitu mwathu vakabu akadali pantchito, ndipo safunanso yunifomu.

Tsono funso langa, inu owerenga, ndi ili: kodi munthu ayenera kukhala ndi chifukwa kuti akhale pansi pa mtengo? Kodi kupuma ndi mphotho ya amene adapeza kale, kapena ndi gawo la munthu aliyense poti ndi munthu?

Mayi anga, amene adatilera ndi geni ya tomato mumsika wa Ndirande, ali ndi yankho lachidule. Nditawasimbira za mlonda uja adati: "Iwenso mwana iwe, mphepo amadya? Anthu akugona ndi njala, iwe ukulirira kapinga?" Mawu amenewa si opepuka, ndipo amene adamvapo mwana akulira njala usiku sangawaseke. Ufa ukukwera mtengo, madzi m'mipopi amatha masiku osatuluka, lendi sidikira. Mumzinda wotere kukamba za mapaki kumamveka ngati kupempha shuga m'nyumba mopanda ufa.

Koma ndawasinkhasinkha mawu a mayiwa kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti pali chomwe akusiya. Wolemera safuna paki. Ali ndi kapinga pakhomo pake, ali ndi kalabu ya gofu, Isitala ikakwana amakweza ana m'galimoto ulendo wa ku Mangochi. Amene amafuna malo a tonse ndi uja wa chipinda chimodzi, ana asanu, mbaula pakhomo ndi ngalande ya madzi oipa kutsogolo kwake. Ndi ana ake amene amamenya mpira wachikulunga pamsewu, n'kumabalalika minibasi ikaliza hutala. Tikati tiyambe tathana ndi njala, zopuma zibwere pambuyo, ndiye kuti tikumuuza munthu ameneyu kuti akapumire kumanda, chifukwa njala ya m'dziko muno sinatheko chiyambire. Komanso malo sadikira. Chimanga chikavuta chaka chino, chaka chamawa mvula ikagwa bwino chidzapezeka. Koma bwalo la ana likangodulidwa mapuloti n'kumangapo sitolo, lapita basi. Madzi akatayika saoleka.

Palinso china. Kuganiza kuti mphawi amangofunika nsima n'kumuyesa ng'ombe yapangolo, yoti ikadya ibwerere pagoli. Chonsecho ngakhale ng'ombeyo amaimasula. Amene timawerenga Baibulo tikudziwa kuti lamulo la Sabata silidaiwale wantchito, mlendo, ng'ombe ndi bulu yemwe. Mayiko atakumana mu 1948 kulemba chikalata cha ufulu wa anthu onse, kupuma adakuika pa ndime 24, pamodzi ndi maufulu ena onse, osati ngati basela wa amene zawo zidayenda. Ndipo mayi anga omwewo, ndikawafunsa za kwawo ku Chiradzulu ali mtsikana, sakamba za ufa. Amakamba za mwezi ukawala pabwalo, za kusamba kumtsinje, za mtengo wa kachere pomwe agogo ankasewerera bawo. Nkhope yawo imasintha. Pa moyo wawo wonse wa thukuta, zomwe amasimba mokondwa ndi nthawi zomwe ankangokhala.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena amene amati mapaki ndi zachizungu, ife Amalawi sitidazolowere. Dzina lokhalo ndiye lachilendo. Mudzi uliwonse udali ndi bwalo, ndipo bwalo silidali la mfumu, mfumu inkangolisunga. Pamenepo ankaweruzirapo milandu, ankavinapo, ana ankaseweramo chipako ndi phada. Kumtsinje kudali dooko la amayi ndi dooko la abambo. Njira yopita kudambo inkadutsa m'mbali mwa munda wa munthu, ndipo mwini munda akadaitseka mudzi wonse ukadamudabwa. Palibe ankafunsa munthu wokhala pabwalo kuti akudikira ndani. Chachilendo kwa ife ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Pobwera m'tauni tidanyamula mtondo, tidanyamula miyambo ya ukwati ndi ya maliro, koma bwalo tidalisiya kumudzi.

Timakonda kunena za umunthu, kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Chabwino, koma anzakewo amakumana nawo kuti? Muno mumzinda wa ku Sunnyside ndi wa ku Makata amaonana pageti, wina akulowa pagalimoto wina akutsegula. Tikakumana ngati anthu ofanana ndiye kuti ndi pamaliro kapena pamzere wa mafuta. Pabenchi la tonse ndi pamene kalaliki, kalipentala ndi dokotala angakhale moyandikana popanda wina kukhala kasitomala wa mnzake. Mzinda wopanda malo otere umaphunzitsa ana ake kuti munthu aliyense wosamudziwa ndi woopsa, ndipo phunziro limenelo talikhoza bwino.

Tiyeni tiwerenge ndi zala. Blantyre adayamba mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland, adaphatikizana ndi Limbe mu 1956, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000. Kodi anthu onsewa angakhale pati mwaulere? Pali pa Njamba, pomwe Papa John Paul II adachitira misa mu 1989, pomwenso zipani zakhala zikusonkhanira chiyambire matipate. Malowa timawakumbukira pakakhala msonkhano wa ndale, chitsitsimutso kapena oimba. Masiku ena onse ndi podutsa chabe, ndipo kukayamba kuda anthu amafulumiza miyendo. Pali mtsinje wa Mudi, wodutsa pakati penipeni pa mzinda. Kwa anzathu mtsinje wotere amautsatitsa kanjira ndi mabenchi. Ife timauoloka titagwira mphuno. Akuluakulu a kuno kwathu amasimba kuti ali ana ankasambira mu Nasolo n'kumagwira nkhanu. Lero mu Nasolo mukuyenda majumbo, mabotolo ndi matewera.

Mvetserani mayina a malo athu: pa Mibawa pomwe timakwerera minibasi, ku Kanjedza, ku Kachere. Onsewa ndi mayina a mitengo. Mayina atsala, mitengo yambiri idapita, ngati mwana wopatsidwa dzina la agogo amene sadawaonepo. Bambo anga ankasimba kuti phiri la Ndirande lidali ndi nkhalango yoti masana munkachita mdima. M'zaka zoyambirira za matipate, pamene ambiri adamva ngati demokalase ndiye kuti aliyense achite zofuna zake, phiri lidametedwa mpala. Ine ndakula ndikulidziwa lili la miyala ndi minda ya chimanga. Latsala ndi la Michiru, lomwe lakhala malo otetezedwa kuyambira 1975. Kumeneko kuli tinjira toyenda pansi, kuli Njira ya Mtanda yokwera kuchokera ku Chilomoni, ndipo ukafika pamwamba kunja kukayera umaona Chileka ndi chigwa cha Shire chili yalaa. Koma nalonso zaka zaposachedwapa nkhwangwa zalilowerera koopsa.

Nanga nyanja, yomwe msuweni wanga adandichititsa nayo nsanje? Chaka chatha ndidasunga tindalama ta nkhani zomwe ndimagulitsa kunyuzipepala, n'kutenga mwana wanga wamkazi wa zaka 7 kukamuonetsa nyanja yomwe ankangoiona pamapu a kusukulu. Tidakwera minibasi ku Limbe, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka pa Mangochi, kenaka matola olowera msewu wa ku Monkey Bay. Titatsika, fungo la nyanja tinkalimva, mafunde tinkawamva, koma kuiona ayi. Mpanda, geti, mpanda, geti. Pageti lina adatiuza mwaulemu ndithu kuti munthu wosagona pamalopo amalipira yolowera, ndipo ndalama yake idali yomwe ndidasungira ulendo wobwerera. Mwana adandikoka dzanja. "Adadi, nyanjayi ndi ya ndani?" Ndakatulo ndalemba zambiri, koma pamenepo mawu adandithera.

Adatipulumutsa ndi mayi wina amene adasenza beseni la mbale. "Tiyeni kuno bambo, ife timadzera apa." Adatilowetsa m'kampata kopapatiza pakati pa mipanda iwiri, koti anthu awiri sangayende mogundizana mapewa, mpaka tidatulukira padooko pomwe asodzi ankasoka maukonde, amayi akuchapa, ana akudumphira m'madzi kuchokera pabwato. Mwana wanga adavula nsapato osandifunsa. Mayi uja adandiuza kuti ali mtsikana ankayenda pamchenga kuchoka m'mudzi mwawo kukafika mudzi wina osakumana ndi waya. Lero mudzi wonse, ndi mbale zake, maukonde ake ndi ana ake, umapanikizana pakampata kameneko.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi malo ogona alendo. Amalemba anthu ntchito, amagula chambo kwa asodzi, amabweretsa ndalama zakunja zomwe tikuzisowa zedi. Mbali ina ya nyanja yomweyi, cha ku Cape Maclear, idakhala malo otetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha tinsomba ta mbuna tosapezeka kwina kulikonse. Ndiye nyanja yomwe dziko lonse lapansi likuti ndi yake, mwana wa ku Makata aziiona mozemba? Munthu angagule puloti, angamange nyumba yake, palibe wotsutsa. Koma mchenga umene mafunde amayala ndi kufafaniza tsiku ndi tsiku, adaugula kwa yani? Mu 2024 nyanja idadzaza kuposa momwe idachitira kwa zaka zambiri, ndipo idalowa m'zipinda ndi m'mabala a malo ambiri otere osagogoda pageti. Sindikuseka tsoka la anthu, poti midzi ya asodzi nayonso idamira. Ndikungoti madziwo sadaone malire omwe ife tidalemba.

Ndi bwino tidziwenso kuti magombe omwe msuweni wanga amayendapo mwaulere sadakhale aulere chiyambire. Pa nthawi ya tsankho, lamulo la 1953 lidagawa mabenchi, mapaki ndi magombe a ku South Africa potsata khungu, ndipo abwinoabwino adali a azungu. Mu Ogasiti 1989 Desmond Tutu adatsogolera anthu kukaponda mchenga woletsedwa kufupi ndi Cape Town, apolisi atawadikira ndi agalu ndi zikwapu. Chaka chisanathe boma lidatsegula magombe kwa onse, ndipo lamulo lija lidathetsedwa mu 1990. Anthu amene ankamenyera ufulu wovota sadaone ngati kumenyera mchenga n'kutaya nthawi. Adadziwa kuti amene wakuletsa kukhala pabenchi wakuuza kuti umunthu wako ndi woperewera. M'chaka chomwecho cha 1989 ku Nairobi, Wangari Maathai adakana kuti mu Uhuru Park mumangidwe chinyumba cha nsanjika 60. Akuluakulu a boma adamunyoza, adamutcha wamisala, koma chinyumbacho sichidamangidwe. Kuno kwathu kulibe chikwangwani chonena za khungu. Mpanda wathu ndi wa ndalama, ndipo ndi wovuta kuugwetsa chifukwa tonsefe timalota tsiku lomwe tidzakhale mkati mwake.

Nkhaniyi ikadandikomera ndikadathera pomwepa, nditadzudzula olemera ndi akhonsolo n'kutseka kope. Koma nane ndili ndi mlandu. Tsiku lina ndikutsika ku Michiru, mtima uli mbee ndi mphepo ya pamwamba, ndidakumana ndi mayi atasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi, mwana ali kumbuyo. Ndidayamba kumulalikira za chilengedwe ngati wapawailesi. Adatula mtolo, adapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kundifunsa modekha: "Bambo, kwanu mumaphikira chiyani?" Ndidakhala kukamwa yasaa, poti pakhomo panga pali thumba la makala ndipo likatha ndimagula lina. Mtengo womwe ndimaulirira Lamulungu ndi womwewo ndimaphikira nyemba Lolemba. Kusiyana kwa ine ndi mayi uja n'kwakuti iye amagwira nkhwangwa ndi manja ake, pamene ine ndimatuma ndalama kuti ikandigwirire.

Pamenepo ndi pomwe ndidazindikira kuti ufulu wopumawu uli ndi ngongole yake. Chinthu cha tonse ife tachisandutsa chinthu chopanda mwini. Timati "n'zaboma izi", ndipo tikatero benchi lachitsulo limathera kwa ogula zitsulo, mbande zodzalidwa ndi chikondwerero mu Januwale zimadyedwa ndi mbuzi mu Juni, jumbo limaponyedwa mu Nasolo. Inenso ndaponyamo. Bwalo la kumudzi lija linkasesedwa, ndipo osesawo sadali aganyu. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa ndime 13, amalamula boma kusamala chilengedwe poganiziranso mibadwo yomwe sinabadwe, koma pepala silithirira mtengo. Sindingauze mayi wa nkhuni kuti ana ake adye zosapsa kuti ine ndipeze mthunzi Lamulungu. Chomwe ndingachite n'kuvomera kuti mthunziwo uli ndi mtengo wake, ndipo amene ndili ndi kangachepe ndiyenera kuyamba ndine kulipira: kuchepetsa makala, kudzala, kuthirira, ndi kufunsa olamula chifukwa chake magetsi ndi gasi zili zosafikirika kwa anthu wamba.

Ngongole yotere ikakhalitsa, mwini wake amabwera yekha kudzatolera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osaleka, ndipo phiri la Soche lidatsika ndi matope ndi miyala pa anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Sindinganene kuti mitengo ikadaletsa zonse, mvula ija idali yoopsa. Ndiponso amene adamanga m'phiri sadachite dala, kumunsi malo ndi lendi zidawakanika. Koma tidaona ndi maso kuti phiri lomwe likadakhala kokapuma Lamulungu ndi lomwelo likadagwira nthaka usiku umenewo. Mtengo ndi umodzi, pamwamba mthunzi pansi mizu. M'mbali mwa mtsinje momwe mukadayenda kanjira ka anthu ndi momwemo madzi osefukira amafuna podutsa. Zidze pano n'zatonse, adatero akale, ndipo matope aja sadafunse amene adadula ndi amene adangogula makala.

Tsono kwa mayi anga ndikuyankha mwaulemu kuti zoona amayi, mphepo sadya. Koma munthu amene sapatsidwa pokhala osagula kanthu amayamba kudziona ngati manja ndi mimba basi, ndipo mzinda umene ulibe malo ongokhala umataya pamodzi ndi malowo mitengo, mitsinje ndi kudziwana kwa anthu ake. Zomwe ndikupempha si zodula. Bwalo lililonse lomwe ana akuseweramo lero lisadulidwenso mapuloti. Pakati pa mipanda ya kunyanja pazisiyidwa njira yotakata yofika kumadzi, yokhala ndi chikwangwani, kuti eni nyanja asamadzere ngati akuba. M'mbali mwa Mudi ndi Nasolo musamangidwenso, mudzalidwe mitengo. Ndipo ofuna ukhansala ndi uphungu akabwera ndi nsalu ndi malaya a chipani, pakati pa mafunso a feteleza ndi misewu tiziwafunsanso kuti ana athu azikasewera kuti.

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuli kamalo kosakwana mphasa zinayi, pomwe tonse a pamzere wathu tinkatayapo zinyalala. Mvula yoyamba itagwa, ine ndi anansi awiri tidachotsa zinyalalazo, tidadzala mtengo umodzi wa mbawa ndi iwiri ya mango, tidaitchinga ndi minga poopa mbuzi, n'kuika thabwa pamwamba pa njerwa. Mwana wanga ndiye amathirira ndi madzi otsukira mbale. Mbawa imachedwa kukula, ndipo mthunzi wake weniweni mwina adzaukhala ndi ena, poti wa lendi sadziwa za mawa.

Dzulo madzulo ndikuchokera m'tauni ndidapeza bambo wina wachilendo atakhala pathabwapo, chikwama cha zida za ukalipentala chili pambali, maso ali kuphiri. Funso lija loti mukudikira ndani lidafika kale pamlomo panga. Ndidalimeza. Ndidangoti, "Mwaswera bwanji, bambo?" n'kukhala mbali inayo ya thabwa.